Ndayesa app ya chilolezo miyezi inayi, ndaipatsa nyenyezi ziwiri basi

Ine si munthu wolembalemba ma review, foni ikandifunsa kuti perekani nyenyezi ndimangodina kuti nthawi ina, koma iyiyi ndati ndilembe chifukwa ndikudziwa kuti alipo ambiri akusaka app yamtunduwu, yosunga umboni woti munthu anavomera kugonana, pakati pa usiku tulo titawathawa ngati mmene ndinkachitira ine. Dzina lake sinditchula, zilipo zingapo ndipo kagwiridwe kake ndi kamodzimodzi, ukaona imodzi waona zonse.

Za ine mwachidule. Zaka zitatu zapitazo chibwenzi changa chinatha moipa, patapita masabata angapo ndinaitanidwa kupolisi kuti ndikayankhe nkhani yoti ndinagwiririra. Sindinachite. Nkhaniyo inayenda miyezi seveni, kukhoti sinafike, inatsekedwa, koma amene zinamuonekerapo akudziwa kuti kutseka fayilo sikutseka pakamwa pa anthu. Ndinaonda, anzanga ena anasiya kuyankha foni, kuntchito ndikalowa macheza ankangoti zii. Za mkaziyo sindilemba zambiri, sindikufuna, mkwiyo unaphwa kalekale. Chinatsala ndi mantha basi, mantha enieni oti mtsikana akangondimwetulira mtima unkagunda ngati ndaona galimoto ya apolisi itaima pakhomo.

Ndiye chaka chatha nditapeza chibwenzi china, munthu wabwino zedi, wofatsa koma wosanyengerera zopusa, ndinayamba kuganiza kuti nanga zikadzabwereranso ndidzatani. Ndi pomwe ndinakumana ndi app imeneyi. Malonda ake akuti imasunga umboni woti nonse awiri munagwirizana, tsiku lake, nthawi yake, zonse. Eish, ine ndinaona ngati ndapeza mankhwala.

Imagwira ntchito chonchi. Nonse awiri muyenera kuidawunilodi, aliyense pa foni yake, kulembetsa ndi nambala ya foni, imabwera kodi pa meseji nkulowetsa. Ikafika nthawi ija wina amatumiza pempho, mnzake amasikana QR code, kenako imabwera mndandanda wa mafunso, uli ndi zaka zokwanira, wamwa mowa kapena ayi, kondomu ilipo, ukulola chiyani ndipo sukulola chiyani, umangochonga. Mukamaliza imalemba nthawi nkuti chilolezocho chitha pakatha maola 24. Lilipo batani lochotsera chilolezo koma linabisala mkati mwa menyu, uyenera kudina katatu kuti ulipeze, ndipo za batani limeneli ndibwereranso chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Kumbali ya ukadaulo ilibe vuto kwenikweni, ndinene chilungamo. Ndi yopepuka, siidya batire, maonekedwe ake ndi aukhondo. Kawiri konse inakana kutsegula chifukwa netiweki inali yofooka, ndiye tangoganizani anthu awiri akuluakulu mwakhala m'mphepete mwa bedi mukuyang'ana kabwalo kakuzungulira pa sikirini, wina akuti tayesa kuzimitsa data uyatsenso kkkk. Chilakolako chonse chimathera pomwepo. Koma zimenezo nzazing'ono.

Tsiku loyamba kumuonetsa bwenzi langa ndinayamba ndamufotokozera zonse zimene zinandichitikira, anamvetsera bwinobwino osandidula, mpaka anandigwira dzanja. Kenako ndinatulutsa foni nkumuonetsa app ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kupita mmwamba kubwerera pansi, kenako akuti, "Iwe, ndikufunse. Ndikadina apa kuti eya, tikafika pakati ndikumva kupweteka kapena ndangosintha maganizo ndikuti siya, iwe osasiya, mawa lake ndani angandikhulupirire? Si utulutsa foni yakoyi kuti onani anasaina yekha?"

Ndinasowa choyankha. Ndinangoti ine sindingapange zimenezo, iye akuti ndikudziwa kuti iwe sungapange, koma app yi sinapangidwire iwe wekha. Anadina ndithu tsiku limenelo, kundichitira chisoni, ndipo tinaigwiritsa ntchito mwina kasanu ndi kamodzi m'miyezi inayi, koma nthawi zonse ndinkaona nkhope yake ikusintha, ngati munthu amene akusainitsidwa ngongole.

Funso lake lija linandivutitsa mpaka ndinabwerera kwa loya amene anandithandiza pa nkhani yanga yoyamba ija. Ndinamuonetsa app yo monyadira ngati mwana amene wakhoza mayeso. Anaseka kaye, osati moipa, kenako akuti achimwene, ichi chikungoonetsa kuti nthawi ya 9 koloko munthuyu anadina batani, nanga mlandu ukakhala wa zimene zinachitika 11 koloko? Anandifotokozera kuti kuvomera kugonana si kontirakiti ngati yogulitsa galimoto yoti ukasaina basi watha, munthu ali ndi ufulu wosintha maganizo mphindi ina iliyonse ndipo akanena kuti basi, kupitiriza ndi mlandu, kaya anasaina mapepala khumi. Ndiye munthu wofuna kukusemera chinyau app yi siimutsekereza, angonena kuti eya ndinadina koma kenako ndinakana, kapena ndinadina chifukwa ndinkaopa, kapena ndinali nditaledzera, kapena foni anachita kundilanda nkudina yekha. Zonsezo app ilibe yankho. Ndipo batani lochotsera chilolezo lija, ndani pakati pa zinthu angati dikira kaye nditenge foni ndilowe m'menyu? Munthu amene wachita mantha nthawi zambiri thupi limangouma, ena ngakhale mawu satuluka, ndiye foni aikumbukira bwanji.

Anawonjezanso china chimene sindinachiganizire, kuti woimira boma wochenjera atha kuitembenuza nkukufunsa pamaso pa khoti kuti bambo, munthu wosalakwa amakonzekeratu umboni zinthu zisanachitike chifukwa chiyani? Sikuti funsolo ndi lachilungamo ayi, koma limamata.

Chikomekome cha mkuyu ndithu.

Nditafufuza ndinaona kuti maganizo amenewa si atsopano ndipo akhala akugwa mphuno kangapo. Mu 2014 ku America kunatuluka ina yotchedwa Good2Go, chaka chomwecho California inakhazikitsa lamulo loti m'makoleji chilolezo chizikhala eya womveka, osati kungokhala chete. App imeneyo inkafunsa munthu kuti waledzera motani, ukasankha kuti ndaledzeratu inkakana. Zomveka pa pepala, koma chidakwa chiti chimavomera kuti chaledzera? Apple inaichotsa m'sitolo yake pasanathe ndi mwezi womwe. Mu 2018 kampani ina ya ku Netherlands inalengeza LegalFling yoti chilolezo chizisungidwa pa blockchain, kaundula wa pa intaneti wovuta kusintha zolembedwamo, anthu anaikalipira chimodzimodzi. Ku Denmark lamulo latsopano loti kugonana popanda chilolezo ndi kugwiririra litayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2021, kunatulukanso iConsent ya maola 24 ngati yangayi, ndipo inalandiridwa ndi chitonzo. Chaka chomwecho mu Malichi mkulu wa apolisi ku New South Wales ku Australia, Mick Fuller, anapereka ganizo la app yotere, anthu atamuwukira iye yemwe anavomera kuti mwina ndi ganizo loipitsitsa limene wakhala nalo chaka chimenecho. Ndiye ine ndinkadziona ngati ndatulukira chinthu chanzeru pamene anzathu anayesa kale nkutaya.

Ndipo taonani, mayiko ngati Sweden amene anasintha lamulo mu 2018, kapena Spain mu 2022, onse akulowera kumodzi, kuti funso si loti anakana kapena anakuwa ayi, funso ndi loti anavomera mwa kufuna kwake pa nthawi imene zinkachitikazo. Pa nthawi imeneyo. Osati maola awiri m'mbuyo pa foni.

China chimene chinandichotsera nyenyezi ndi nkhani ya chinsinsi. Taganizani bwino zimene mukupereka, nambala yanu, nambala ya mnzanuyo, tsiku, nthawi, mwina ndi malo omwe, ndi mndandanda wa zimene mumakonda kuchipinda, zonsezo zili pa kompyuta ya kampani imene simukudziwa eni ake. Ndinawerenga ndondomeko yawo ya chinsinsi, yaitali ngati Levitiko, ndipo sindinapeze pomveka bwino ponena kuti amazisunga nthawi yaitali bwanji. Amene akukumbukira za Ashley Madison, webusaiti ya anthu apabanja ofuna zibwenzi zamseri, mu 2015 akudziwa, akuba a pa intaneti anatulutsa poyera maakaunti oposa 30 miliyoni, maukwati anasweka, ena ankaopsezedwa kuti tumiza ndalama apo ayi tiuza akazi ako. Ndiye ukuthawa chinthu chimodzi nkudziika pakamwa pa china. Komanso ndinaganiza, chibwenzi chikadzatha moipa ngati chija, mbiri yonse ija ili pa foni ya munthu amene wakwiya.

Tsono nyenyezi ziwirizo ndaperekeranji? Imodzi ndi ya ukadaulo ndanena kale. Inayo ndi ya mndandanda wa mafunso uja. Apa ndiyamikire ndithu. Ine ndili ndi zaka zopitirira 30 koma ndinali ndisanakhalepo pansi ndi mkazi masana dzuwa likuswa mtengo nkufunsana kuti kodi iwe umakonda chiyani, chimene sufuna ndi chiyani, ukafuna ndisiye uzindiuza bwanji. Ambirife timangoyendera kuganiza, wamwetulira ndiye wafuna, wabwera kunyumba ndiye wavomera, wakhala chete ndiye zili bwino. Safunsa anadya phula paja. Mafunso a app aja anatipatsa poyambira, tinaseka, tinachita manyazi, koma tinalankhula, ndipo ndinamva zinthu ziwiri zimene ndinkaganiza kuti amazikonda pamene ankangopirira. Zimenezo zinandiwawa kuposa mmene ndingalembere pano. Koma mafunso amenewo mutha kuwalemba pa kapepala, safuna akaunti kapena QR code.

Pali chinthu china ndiyenera kunena ngakhale ena a inu mukwiya nane, chifukwa m'magulu a amuna onamiziridwa amene ndinkawerenga nthawi ija anthu amalankhula ngati mkazi aliyense akuyenda ndi bodza m'chikwama. Ine zinandichitikira, sindikufuna wina andiuze kuti sizichitika. Brian Banks ku California ananamiziridwa mu 2002 ali mnyamata wa zaka 16 wa tsogolo lowala pa mpira wa ku America, anakhala kundende zaka zoposa zisanu, dzina lake linayeretsedwa mu 2012 mkaziyo atavomera kuti ananama. Zaka khumi za munthu. Ndiye ululu wake ndi weniweni. Koma manambala amene alipo akuonetsa kuti si zochuluka ngati mmene mantha amatiuzira. Kafukufuku wa David Lisak ndi anzake wa mu 2010 anaunika madandaulo 136 a zaka khumi pa yunivesite ina ku America, abodza anapezeka 8, pafupifupi 6 pa 100 alionse. Ku England ndi Wales ofesi yozenga milandu ya boma inawerengera miyezi 17 kuyambira Januwale 2011 mpaka Meyi 2012, milandu yogwiririra inazengedwa 5,651, ya anthu onamizira anzawo kugwiririra 35. Inde si bodza lililonse limafika pozengedwa, nkhani ngati yanga sikanalowa m'chiwerengero chotero, koma ngakhale mutachulukitsa kangapo kusiyana kwake nkwakukulu. Ine zimenezi zinandithandiza, osati kundinyoza. Zinandiuza kuti chimene chinandigwera ndi ngozi, si nyengo ya tsiku ndi tsiku, ndipo mkazi amene ndili nayeyu mpata woti wina anamuchitapo chipongwe ndi waukulu kuposa mpata woti adzandinamizire. Ndiye kumuika foni kumaso kuti saina kaye, mukuona mmene zimamvekera kwa iye?

Nanga chimathandiza nchiyani ngati app siithandiza, poti ndi funso limene mwabwerera. Ndinena zimene loya uja anandiuza ndi zimene ndaona ndekha, si uphungu wa zamalamulo, malamulo amasiyana dziko ndi dziko.

Chachikulu ndi mowa. Nkhani zambiri zosokonekera zimayambira pamenepo, wina akukumbukira zina wina zina, wina sakukumbukira kalikonse. Ine pano lamulo langa ndi losavuta, munthu amene sindinazolowerane naye ngati wamwa, kaya ndi iyeyo akundikoka malaya, ndimamuperekeza kwawo kapena kumuitanira taxi basi, tidzaonana mawa. Akadzuka akufunabe, palibe chatayika. Munthu woledzera kwambiri kapena amene wagona tulo sangapereke chilolezo, apo palibe zokambirana, ndipo si nkhani yodziteteza chabe, ndi nkhani yoti usalakwire munthu. Chimodzimodzi za msinkhu, ukakayika pang'ono pokha za zaka zake choka, ndiponso munthu amene uli ndi mphamvu pa iye, wantchito wako, wophunzira wako, amene ukumuthandiza ndalama za sukulu, eya wake ndi wovuta kumudziwa ngati ndi wa mumtima kapena wa mantha.

Kenako kufunsa pakati pa zinthu, osati poyamba pokha. Sizifuna chilankhulo cha kukhoti, kungoti uli bwino, ndipitirize, ukufuna chonchi? Ukaona munthu wangoti duu, sakuyankha, wayang'ana kumbali, thupi lauma, ima. Ndinkaganiza kuti zimenezi zimaononga mudi, koma zoona zake QR code ndi imene imaononga mudi, funso lonong'oneza m'khutu ayi.

Mameseji osafufuta. Apa ndi pomwe ine ndinapulumukira, osati chifukwa ndinali wochenjera, ndine waulesi chabe pofufuta zinthu. Macheza athu onse a pa WhatsApp a masiku asanafike ndi atapita tsiku limene ankanenalo analipo, ndipo nkhani yake sinkagwirizana ndi zimene zinalembedwazo. Ku London mu Disembala 2017 mlandu wa wophunzira wina dzina lake Liam Allan unagwa khoti lili mkati, zitadziwika kuti apolisi anali ndi mameseji masauzande ambirimbiri a m'foni ya wodandaulayo amene sanaperekedwe kwa maloya ake, ndipo mnyamatayo anali atakhala pa belo pafupifupi zaka ziwiri. Macheza wamba a tsiku ndi tsiku amalemera kuposa batani chifukwa palibe amene anawakonzekera. Koma chonde musayambe zotumiza meseji m'mawa yoti "tsimikiza kuti dzulo unavomera", imeneyo ndi app yomweyo yavala malaya ena, ndipo imanunkha. Kungofunsa munthu kuti wafika bwino, wadzuka bwanji, monga munthu amene amasamala, basi. Ndipo dziwani kuti meseji yokoma ya m'mawa si chikalata chokumasulani ngati munalakwadi, anthu ochitiridwa nkhanza ambiri amalemba zokoma chifukwa cha mantha kapena kusokonezeka, makhoti amadziwa zimenezo.

Zojambula mobisa, kaya mawu kaya vidiyo, musayerekeze. M'magulu aja ndinaona anthu akulangizana kuti ika kamera pa shelefu. Kujambula munthu ali maliseche kapena mukugonana iye osadziwa ndi mlandu paokha m'mayiko ambiri, ku England uli m'lamulo la milandu ya zogonana la 2003, ndipo malo ngati California ngakhale kujambula mawu a macheza achinsinsi popanda onse kuvomera nkoletsedwa. Ndiye pothawa mlandu wabodza ukupalamula weniweni, umboni wake wajambula wekha.

Ndipo zikakugwera ndithu, ngakhale unasamala chotani, usamuimbire munthuyo, usamulembere, usatume mlongo wako kapena mnzako kuti akamunyengerere, zimenezo zimasanduka kuopseza mboni. Usalembe pa Facebook kudziyeretsa. Usafufute kanthu ngakhale kochititsa manyazi. Lemba pa pepala zonse zimene ukukumbukira tsiku lomwelo mutu usanayambe kusakaniza, unali kuti, ndi ndani, nthawi yanji, malisiti ndi mbiri ya maulendo a pa foni sunga. Ndipo upeze loya usanakapereke sitetimenti. Ine ndinatsala pang'ono kutumiza meseji yoti "pepa ngati ndinakulakwira" pongofuna kuti zithe mwamtendere, mkulu wanga ndi amene anandilanda foni, loya atamva anagwira kumutu akuti kamawu kameneko kakanawerengedwa ngati kuvomera.

Chomaliza chimene app singachite ndi kuchotsa mantha aja. Ine ndinkaganiza kuti ndikufuna umboni pamene ndinkafuna tulo. Ndinayamba kupita kwa phungu wa zamaganizo, poyamba mokakamizidwa ndi bwenzi langa yemweyo, ndipo mayi ameneyo tsiku lachiwiri anandifunsa kuti kodi app yi mukaidina mumagona bwino? Ndinati ayi, ndimadzuka kukaona ngati yasungadi. Anangogwedeza mutu nkulemba.

Kufufuta akaunti nakonso ndi ntchito, mkati mwa app mulibe batani lake, uyenera kulemba imelo. Ndinalemba, anayankha patatha masiku naini kuti zatheka, ngati anafufutadi kumbali yawo ndi iwo akudziwa. Usiku umene ndinaichotsa pa foni ndinamuuza bwenzi langa, iye akuti yake anachotsa kalekale mwezi wathawo ankangodikira kuti ndizindikire liti. Kenako anandilanda foni nkuiika pa tebulo chafufumimba, akuti, "Tsopano tandifunsa ndi pakamwa."